Musathamangire Processor: Zoyenera Kuwonjezera pa Laputopu ya pa Intaneti

Mukalowa pa webusaiti ya kampani yopanga makompyuta, kaya ndi Dell, Lenovo, HP kapena Apple, nthawi zambiri amakupatsani mpata woti musankhe zowonjezera musanalipire. Mndandandawo kawirikawiri umayamba ndi processor (ubongo wa kompyuta), kenako RAM (malo amene kompyuta imaikamo zimene ikugwira nazo ntchito pa nthawiyo), kenako malo osungiramo zinthu. Sikirini, batire ndi kiyibodi zimabwera kumunsi kwenikweni, munthu atatopa kale ndi kuwerenga, ndalama zimene anakonza zitatheranso pamwamba paja. Ine ndimaona kuti kwa munthu amene ntchito yake ndi kuwerenga nkhani, kuyankha maimelo, kuonera mavidiyo pa YouTube, kulemba timakalata ndi kulowa m'misonkhano ya pa Zoom, mndandanda umenewu ndi wozondoka. Chimene achiika patsogolo ndi chimene munthu wotereyu angathe kuchisiya mmene chilili. Zimene azibisa pansizo ndi zimene maso ndi zala zake zidzakumana nazo tsiku lililonse mpaka laputopuyo idzakalambe.

Anzanga ndi achibale akandipempha kuti ndiwathandize kusankha, sindiwafunsa kuti akufuna kompyuta yothamanga bwanji. Aliyense amafuna yothamanga. Pa chinthu chilichonse cha pamndandandapo ndimangofunsa kuti: kodi chimenechi chingasinthidwe laputopuyo itagulidwa kale, kapena mukasankha lero ndiye basi? Zimene sizingasinthidwe ndi zoyenera kuziganizira mofatsa n'kuzilipirira lero lomwe. Zinazo zikhoza kudikira.

Koma choyamba tichotse maganizo ena ake amene amasocheretsa anthu ambiri. Munthu amati, "Ine sindifuna zambiri, ndingofuna ya pa intaneti basi," ngati kuti intaneti ndi ntchito yopepuka. Inali yopepuka kalelo. Masiku ano Gmail, Google Docs, Facebook ndi WhatsApp Web ndi mapulogalamu athunthu amene akugwira ntchito mkati mwa browser. Ngakhale tsamba wamba la nkhani limabwera litasenza zotsatsa malonda, mavidiyo ongodziyambira okha, ndi timapulogalamu tosaoneka tolondola zimene mukuchita. Chrome itatuluka mu 2008 inabwera ndi njira yoti tab iliyonse izigwira ntchito payokha, kuti imodzi ikavuta isagwetse zinzake zonse. Njirayi ndi yabwino, koma imadya RAM. Ndiyeno kumayambiriro kwa 2018 akatswiri anaulula vuto la chitetezo lotchedwa Spectre, limene linakhudza ma processor ambirimbiri. Chaka chomwecho Chrome inayamba kulekanitsa webusaiti iliyonse ndi inzake, ngakhale zitapezeka pa tsamba limodzi, kuti ina isasuzumire zinsinsi za inzake. Firefox inadzatsatira njira yomweyo, ndipo Edge ya Microsoft kuyambira mu 2020 imamangidwa pa maziko amodzimodzi ndi Chrome. Kulekanitsa kumeneku kumateteza mapasiwedi anu ndi za ku banki, koma kumafunanso RAM ina yowonjezera. Choncho munthu "wongofuna intaneti" uja, amene ali ndi ma tab 20 otsegula, nyimbo ikulira pa tab ina, Zoom ili pambali, akuigwiritsa kompyutayo ntchito yolemetsa ndithu. Kungoti kulemera kwake sikugwera pa processor.

Kumagwera pa RAM. Awa ndi malo amene kompyuta imaikamo zonse zimene ikugwira nazo ntchito pa nthawi imeneyo. Akadzaza, kompyuta siima, koma imayamba kusamutsira zinthu zina pa SSD, malo osungiramo mafayilo, n'kumakazitenganso zikafunika, ndipo SSD, kaya ikhale yothamanga chotani, imachedwa kwambiri poyerekeza ndi RAM. Apa m'pamene mumadina tab imene munaisiya kanthawi kapitako, n'kuona tsamba loyera mbee, kenako likuyambiranso kutsegula, mwinanso fomu imene munadzaza theka yafufutika. Ambiri akaona zimenezi amati netiweki yavuta, ena amati processor ndi yofooka, ndipo ulendo wina akamagula amathamangira processor yodula ya Intel yotchedwa i7. Vuto limabwereranso, chifukwa silinali pamenepo. Opanga ma browser amalidziwa bwino vutoli. Kumapeto kwa 2022 Google inalengeza Memory Saver, imene imagoneka ma tab osagwiritsidwa ntchito, ndipo Edge ili ndi yake yofanana nayo. Zimathandiza, koma n'zochepetsera ululu chabe.

Ndiye RAM ikhale yochuluka bwanji? Microsoft imati Windows 11 imafuna 4 GB. Amenewo ndi malire oti kompyutayo iyake, osati oti munthu agwirepo ntchito mosangalala. Laputopu yatsopano ya Windows yokhala ndi 4 GB ine sindingauze munthu kuti agule, ngakhale aitsitse mtengo bwanji. 8 GB imagwira ntchito lero, makamaka kwa munthu waudongo amene amatseka tab akamaliza nayo. Koma kumbukirani kuti Windows yokha imatengapo gawo lalikulu musanatsegule chilichonse, ndipo mbali ya processor yojambula zithunzi pa sikirini imabwerekanso RAM yomweyo. Zotsalira browser si zambiri. Mawebusaiti nawo sakupepuka, akulemererabe chaka ndi chaka. Pa 16 GB m'pamene munthu amasiya kuganiza za RAM, ndipo makampani eni ake anavomereza zimenezi ndi zochita zawo. Microsoft itayambitsa makompyuta otchedwa Copilot+ PC mu 2024, inalamula kuti asachepere 16 GB. Apple, imene kwa zaka zambiri inkaumirira kuti 8 GB ndi yokwanira pa MacBook Air, mu Okutobala 2024 inakweza poyambira kufika pa 16 GB. Kupitirira apo, 32 GB ndi ya anthu okonza mavidiyo, opanga mapulogalamu ndi ena otero. Wa pa intaneti akailipirira, theka lake lidzangokhala.

Tsopano funso langa lija. Kale malaputopu ambiri anali ndi kachitseko pansi, mumamasula sikuluwu, n'kulowetsa RAM ina. Masiku ano malaputopu ambiri opyapyala RAM yake ndi yowotcherera pa bolodi, ndipo palibe amene angaichotse. Pa tsamba lofotokoza zamkati mwake muziyang'ana mawu awa: mukaona "soldered" kapena "onboard", kapena dzina loyamba ndi LP monga LPDDR4X ndi LPDDR5, pafupifupi nthawi zonse ndiye kuti ndi yowotcherera. Mukaona SO-DIMM ndiye kuti pali polowetsa, ndipo mungawonjezere mtsogolo. MacBook iliyonse ya processor za Apple, kuyambira pa M1 ya mu 2020, RAM yake singawonjezeredwe ngakhale pang'ono. Malaputopu ena ndi apakatikati: RAM ina ndi yowotcherera, koma asiya polowetsa pamodzi. Ndipo musadalire dzina la laputopu lokha, chifukwa dzina limodzi limagulitsidwa zaka zingapo zamkati zikusintha. Mtundu wa chaka chatha unali ndi polowetsa, wa chaka chino alibe. Makampani ambiri amaika pa intaneti buku la okonza, ndipo Lenovo ili ndi tsamba lotchedwa PSREF lofotokoza zamkati mwa mtundu uliwonse. N'kotopetsa kuwerenga, koma mphindi zochepa zimenezo n'zimene zimakuuzani ngati 8 GB ndi poyambira kapena ndi pothera.

Ngati RAM ndi yowotcherera, lipirani 16 GB lero, ngakhale zitanthauze kutsika pa processor. Ngati pali polowetsa, muli ndi ufulu. Yerekezani zimene kampani ikulipiritsa ndi mtengo wa RAM yogula padera, chifukwa mitengo ya RAM imakwera ndi kutsika kwambiri, ndipo si nthawi zonse pamene kugula padera kumapindulitsa. Kanthu kena kakang'ono: timitengo tiwiri ta 8 GB timagwira bwino kuposa kamodzi ka 16 GB, chifukwa processor imatha kuwerenga mbali ziwiri nthawi imodzi.

Za malo osungiramo zinthu sindichedwapo. Hard disk yozungulira ija nthawi yake inatha; laputopu yatsopano ikakhala nayo, ithaweni. Chenjeraninso ndi eMMC, imene imapezeka m'malaputopu otsika mtengo kwambiri, kawirikawiri ya 64 GB kapena 128 GB. Ndi yochedwa, ndi yowotcherera, ndipo Windows ikangolandira ma update angapo malo amatha, mpaka nthawi zina update yotsatira imakana kulowa. Chofunika ndi SSD, ndipo zambiri za masiku ano ndi za mtundu wa NVMe. Pakati pa 256 GB ndi 512 GB, ine ndimakonda 512 ngati kusiyana kwa mtengo kuli kochepa. Dziwani kuti 256 GB imaoneka ngati 238 GB mu Windows, chifukwa opanga amawerenga m'magulu a 1,000 pamene Windows imawerenga m'magulu a 1,024, ndipo pa 238 imeneyo Windows ndi mapulogalamu zimatengapo gawo lake. Komabe munthu amene zithunzi zake zili pa foni ndi pa Google Photos, mafilimu amaonera pa intaneti, 256 GB imamukwana. Ndipo m'malaputopu ambiri a Windows SSD ndi kachitsulo ka M.2 komangidwa ndi sikuluwu imodzi, kosinthika mosavuta. Pa MacBook ndiye ayi, ndi yowotcherera, koma ngakhale pamenepo SSD yolumikiza kunja imathetsa vuto la malo, chinthu chimene sichingatheke ndi RAM. Akakuuzani kuti muwonjezere ndalama kuti SSD ikhale ya 7,000 MB pa sekondi m'malo mwa 3,500, kanani mwaulemu. Potsegula webusaiti simudzaona kusiyana kulikonse.

Sikirini ndiyo imandidandaulitsa kwambiri, chifukwa m'pamene makampani amabisa kuumira kwawo, ndipo ogula sayang'anapo. Munthu wa pa intaneti ntchito yake ndi kuwerenga. Maola onse amene ali pa laputopupo, maso ake ali pa galasi limenelo. Processor saiona, SSD saiona. Koma mupeza laputopu yolembedwa Core i7 m'zilembo zikuluzikulu, sikirini yake ili yotuwa, yamdima, yoti mukangopendeka mutu mitundu yonse yasintha. Ndipo sikirini, kwa munthu wamba, singasinthidwe.

Pali zinthu zingapo zoyang'ana. Choyamba ndi kuchuluka kwa timadontho topanga chithunzi. 1366 x 768 imapezekabe m'malaputopu otsika mtengo, ndipo zilembo zake zimaoneka zamanomano, tsamba limakwana pang'ono chabe, muzingotsetsereka pansi nthawi zonse. 1920 x 1080 ndiye poyambira pabwino. Mukapeza 1920 x 1200, imene amaitcha 16:10, itengeni. Kusiyanaku kumaoneka kochepa papepala, mizere 120 yokha ya timadontho, koma mawebusaiti amatalika chotsika, osati cham'mbali, ndipo browser imadya kale malo apamwamba ndi ma tab ake. Mizere yowonjezerayo yonse imapita ku zimene mukuwerenga.

Chachiwiri ndi mtundu wa galasilo. TN ndi yakale ndi yotchipa, ndipo ndi imene imasintha mitundu mukaiyang'ana cham'mbali. IPS imaoneka chimodzimodzi kulikonse kumene mwakhala. Tsamba likangolemba kuti "HD" kapena "FHD" osatchula IPS, kayikirani. Makampani ena amalemba WVA, kutanthauza galasi looneka bwino m'mbali zonse. Chachitatu ndi kuwala, kumene amakuyeza mu ma nit. 220 kapena 250 ndi ya m'chipinda chamdima pang'ono. Mukakhala pafupi ndi windo masana mudzayamba kutsinzinira. 300 ndi yabwino, 400 ndi yabwino koposa, makamaka ngati mumakonda kukhala panja. Chachinayi ndi mitundu. Mukaona "45% NTSC", dziwani kuti chofiira chidzaoneka ngati chatha mphamvu ndipo chobiriwira chidzatuwa. "100% sRGB" ndiye yoyenera, chifukwa sRGB, muyezo umene HP ndi Microsoft anakonza mu 1996, ndi umene zithunzi zambiri za pa intaneti zimatsatira. Kawirikawiri kuchoka pa sikirini ya 250 nit ndi 45% NTSC kupita pa ya 300 kapena 400 nit ndi 100% sRGB kumafuna ndalama zochepa kuposa kuchoka pa i5 kupita pa i7, koma kusinthaku mumakuona mukangotsegula chivundikiro.

Kupitirira pamenepo ndiye kumayamba mwanaalirenji. 4K, kapena kuti 3840 x 2160, ili ndi timadontho tochuluka kanayi kuposa 1920 x 1080. Pa sikirini ya mainchesi 13 kapena 14 zilembo zimachepa kwambiri moti Windows imazikulitsanso kuti ziwerengeke, ndiye mwapindula zochepa, pamene batire likutha msanga chifukwa chowalitsa timadontho tonseto. Walira mvula walira matope. OLED ndi yokongola zedi, chakuda chake ndi chakuda bii, mafilimu amaoneka bwino kwambiri. Koma OLED imadya magetsi ambiri ikamaonetsa zoyera, ndipo masamba ambiri a pa intaneti ndi oyera. Sikirini yokhudza ndi chala nthawi zambiri imabwera ndi galasi lonyezimira, moti mumadziona nkhope ndi nyali zonse za m'chipinda. Ngati laputopuyo sipindika kukhala tabuleti, ndimaona kuti anthu amaikhudza masiku oyambirira okha, kenako amaiwala. Yosanyezimira, yolembedwa "anti-glare", ndi yokoma kuwerengapo. Ya 120 Hz imachititsa kuti tsamba lizitsetsereka mosalala, ndipo ine ndimaikonda, koma sindinganene kuti ndi yofunika.

Tsopano tibwere ku processor ija. Sindikunena kuti ilibe ntchito. Ndikunena kuti pali mzere wina umene mukaudutsa, zowonjezera sizimvekanso pa ntchito ya pa intaneti, ndipo mzerewo uli pansi kuposa mmene otsatsa amafunira kuti mukhulupirire. Core i5 ya Intel kapena Ryzen 5 ya AMD ya zaka zaposachedwa yaudutsa kale, ngakhalenso Core i3 ndi Ryzen 3 zambiri zatsopano. Taonani chitsanzo ichi. Core i5-1235U ndi Core i7-1255U zonse zinatuluka mu 2022, zonse zili ndi ma core 10 (timagawo ta processor togawana ntchito) okonzedwa mofanana. Ya i5 imafika 4.4 GHz ikathamanga kwambiri, ya i7 imafika 4.7 GHz. Kusiyana kwake n'kochepa chotero, ndipo m'laputopu yopyapyala kutentha kumazikakamiza zonse ziwiri kubwerera m'mbuyo zisanakhalitse pa liwiro limenelo. Tsamba la nkhani limene likudikira chithunzi kuchokera kutali silifulumira chifukwa cha 0.3 GHz.

Chofunika kwambiri kuposa 5 kapena 7 ndi m'badwo wa processor, ndipo apa mayina amasokoneza, mwina mwadala. i7 ya zaka zisanu zapitazo ikhoza kugonja kwa i3 ya chaka chino. Pa mayina akale a Intel, manambala oyamba pambuyo pa kamzere ndi amene amanena m'badwo, choncho 1235U ndi ya m'badwo wa 12. Kumapeto kwa 2023 Intel inayamba mayina atsopano monga Core Ultra 5 ndi Core Ultra 7, chilembo cha i n'kuchotsedwa. AMD nayo inachita zake. Ryzen 5 7520U, 7530U ndi 7540U zimaoneka ngati ana a mimba imodzi, koma nambala yachitatu ndi imene imaulula zoona: 7520U ndi ya kapangidwe ka Zen 2, kamene kanayamba mu 2019, ndipo ili ndi ma core 4, 7530U ndi ya Zen 3, ma core 6, 7540U ndi ya Zen 4. Munthu wongoona "Ryzen 5 7000" sangadziwe kuti akugula chakale chovala dzina latsopano. Chilembo chakumapeto nachonso chili ndi tanthauzo. U ndi yosunga magetsi, H ndi yamphamvu koma yotentha, yofuna kafani kaphokoso ndi tchaja yaikulu. Wa pa intaneti U imamuyenera.

Pansi pa mzere uja pali Celeron ndi Pentium, mayina amene Intel inawasiya pa malaputopu mu 2023 n'kuyamba kungolemba Intel Processor, monga N100. Zatsopanozi zimayesetsa ndithu, koma vuto lake n'lakuti nthawi zambiri zimabwera pamodzi ndi 4 GB, eMMC ndi sikirini yamdima ija, zonse zowotcherera.

Pali chifukwa china chokondera m'badwo watsopano chimene sichitchulidwa kawirikawiri. YouTube ndi Netflix zimatumiza mavidiyo ambiri atapanikizidwa m'njira yotchedwa AV1. Ma processor ambiri atsopano ali ndi kagawo kapadera komasula AV1 mosavutikira: Intel kuyambira m'badwo wa 11, AMD kuyambira Ryzen 6000, Apple kuyambira M3. Kagawoka kakasowa, mwina webusaiti imatumiza vidiyo m'njira yakale, mwina processor imagwira yokha ntchito yonseyo, laputopu n'kutentha, batire n'kutha. Ichi ndi chitsanzo cha zimene i7 yakale singachite koma i3 yatsopano imachita.

Khadi lapadera la zithunzi, monga GeForce ya NVIDIA, ndi la masewera ndi ntchito zojambula. Kwa wa pa intaneti limangowonjezera kulemera, kutentha ndi phokoso. NPU, kagawo ka AI kamene akukatsatsa kwambiri masiku ano, ikabwera yokha ilandireni, koma musailipirire. ChatGPT ndi zinzake mukamazigwiritsa ntchito pa browser, ntchito yonse imachitikira pa makompyuta a kampaniyo, osati pa laputopu yanu.

Batire ndi nkhani ina. Maola amene amalemba potsatsa nthawi zambiri amayezedwa sikirini itachepetsedwa kuwala, kompyuta ikugwira ntchito yopepuka. Nambala yodalirika ndi Wh, muyezo wa mphamvu imene batire limasunga. Makampani ena amagulitsa laputopu imodzimodzi ndi mabatire awiri osiyana kukula, laling'ono la m'ma 40 Wh ndi lalikulu lopitirira 50 Wh, ndipo kusankha lalikulu ndi chimodzi mwa zowonjezera zotchipa koma zopindulitsa. Batire lililonse limafooka likamakalamba, choncho loyamba lili lalikulu limadzakhalabe lothandiza zaka zitatu zikadutsa. Onetsetsaninso kuti laputopuyo imatchajidwa kudzera pa USB-C. Si malo onse a USB-C amene amalandira magetsi. Ena ndi ongodutsira mafayilo. Ikakhala yotchajira, tchaja ikatayika simuvutika kufunafuna ya kampani yomweyo. Kwa amene batire ndiye nkhani yaikulu, MacBook Air ndi malaputopu a Windows okhala ndi processor ya Snapdragon X amene anatuluka mu 2024 amakhalitsa kwambiri, ndipo MacBook Air ilibe n'kafani komwe. Kungoti pa Snapdragon, pulinta yakale kapena pulogalamu ina yachikale ikhoza kukana, ndiye fufuzani kaye.

Wi-Fi 6 ndi yokwanira. Wi-Fi 6E ndi Wi-Fi 7 zimathandiza pokhapokha router yanu ikhale ya mtundu womwewo, ndipo ngakhale zitatero, liwiro la intaneti limathera pa zimene kampani yokupatsani intaneti ikutumiza. Chimene ndimayang'ana ine ndi kakang'ono kolembedwa 2x2, kutanthauza tinyanga tiwiri tolandirira, m'malo mwa 1x1 ya m'malaputopu otchipa. Kamera ya 1080p m'malo mwa 720p ndi yoyenera ngati misonkhano ya pa vidiyo ndi gawo la ntchito yanu. Kiyibodi yowala usiku imaoneka ngati chinthu chachibwana mpaka tsiku limene mukufuna kulemba mumdima ena akugona, ndipo singawonjezeredwe mosavuta pambuyo pake. Choikapo chala potsegula kompyuta n'chimodzimodzi: chotchipa, chosasinthika, chogwiritsidwa ntchito kangapo patsiku.

Kumapeto kwa tsamba logulira kuja kumakhala msampha wa mapulogalamu. Windows 11 Pro imawonjezera zinthu za m'makampani, monga kulumikiza kompyuta ku netiweki ya ofesi ndi kuilamulira muli kutali. Sithamanga kuposa Home, ndipo mungaikwezebe tsiku lililonse mukadzaifuna. Antivirus yolipira chaka ndi chaka si yofunika kwa anthu ambiri, popeza Windows imabwera kale ndi Microsoft Defender. Zimene amakuikiranitu zoyeserera kwa mwezi umodzi zija ntchito yake yaikulu ndi kukuopsezani kuti mulipire. Word ndi Excel zili ndi mitundu yaulere ya pa browser, palinso Google Docs ndi LibreOffice. Za waranti ndimasiyanitsa ziwiri. Waranti wamba, amene kawirikawiri ndi wa chaka chimodzi, amakonza zimene zawonongeka zokha, osati laputopu imene yagwa kapena yathiridwa madzi. Kuwonjezera zaka pa waranti woteroyo ine sindikuona phindu lake kwenikweni pa laputopu yotsika mtengo. Chitetezo cha ngozi ndi china, ndipo kwa wophunzira woyenda nayo m'chikwama tsiku ndi tsiku, kapena m'nyumba ya ana aang'ono, ndi choyenera kuchiganizira. Werengani kaye kuti chimalipira kangati ndiponso pa ngozi zotani.

Palinso nkhani ya zaka zimene laputopuyo idzalandire ma update a chitetezo, ndipo kwa munthu amene moyo wake wonse wa pa kompyuta uli pa intaneti, imeneyi si nkhani yaing'ono. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo makompyuta ambiri amene ankagwira bwino ntchito sanaloledwe kupita ku Windows 11, chifukwa imafuna kagawo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi processor yosachepera m'badwo wa 8 wa Intel kapena Ryzen 2000, kupatulapo zochepa chabe. Laputopu ikhoza kukhala yatsopano m'katoni koma processor yake ili ya zaka zingapo zapitazo, ndipo zaka zimenezo mwaluza kale musanaitsegule. Pa Chromebook, laputopu yoyendera ChromeOS ya Google m'malo mwa Windows, nkhaniyi ndi yolembedwa poyera. Mu Sepitembala 2023 Google inalengeza kuti ma Chromebook otuluka kuyambira 2021 azilandira ma update kwa zaka 10, koma zakazo zimawerengedwa kuchokera pamene mtunduwo unatuluka, osati tsiku limene inu mwagula. Ndinene pano kuti kwa munthu amene zonse amachitira mu browser, Chromebook ya 8 GB ndi sikirini yabwino ya IPS ndi chisankho chanzeru chimene ambiri amachinyoza asanachiyese. ChromeOS ndi yopepuka kuposa Windows, moti 8 GB imafika patali.

Ngati muli ndi kompyuta yakale imene mukufuna kuisiya, ingakuuzeni zambiri musanagule. Tsegulani zonse zimene mumatsegula pa tsiku lotanganidwa, ma tab onse, nyimbo, msonkhano wa pa vidiyo. Kenako dinani Ctrl, Shift ndi Esc nthawi imodzi kuti Task Manager itseguke, n'kupita pa Performance. Mukaona Memory ili pafupi kudzaza pamene CPU ikungoyenda pansipansi, n'kumadumpha kanthawi kochepa tsamba likamatseguka, ndiye kuti chikukuchedwetsani ndi RAM. Disk ikamakhala pa 100% nthawi yaitali, mwina muli ndi hard disk yozungulira, kapena RAM yadzaza ndipo kompyuta ikusamutsa zinthu uku ndi uku. Pa Mac tsegulani Activity Monitor, pitani pa Memory, muyang'ane kachithunzi ka Memory Pressure: kakakhala kobiriwira RAM ikukwana, kakamasanduka kachikasu kapena kofiira ndiye kuti yachepa. CPU ikamakhala pamwamba nthawi zonse, yambani mwaona ngati si tab imodzi yosokonekera kapena pulogalamu yobisala imene ikuidya. Chrome ili ndi Task Manager yakeyake, yotseguka ndi Shift ndi Esc pa Windows, ndipo imaonetsa tab iliyonse ndi RAM imene yatenga.